Mpira Wokhotera Kumanja

"Ababa, inu mukuyang'ana uku, mpira ukupita uko. Akunama ndani?"

Anandifunsa choncho ndi mwana wanga Esnati, mano ake akutsogolo atangogweluka kumene. Sindinamuyankhe. Ndine munthu wochedwa kuyankha, ndipo funso limenelo ndinayenda nalo zaka zochuluka kuposa zimene mwanayo anakhala pakhomo panga.

Ndinayambira kudera la tiyi, kumene nkhungu imagona m'mizere mpaka dzuwa litakwera. Pakati pa mindayo panali bwalo la gofu, masewera aja omenya kampira koyera ndi ndodo mpaka kakalowe m'dzenje lakutali. Ine sanandilembe ntchito yosewera. Anandilemba yotchetcha. M'mawa uliwonse kapitawo, a Mulipa, ankatigawira zikwakwa, ife n'kundanda m'mbali mwa mpita wa udzu wometa bwino, n'kumagwetsa thengo. Chikwakwa chili ndi lamulo lake. Umachikweza kunja, kutali ndi thupi, n'kuchigwetsa chopingasa kuti chidutse kutsogolo kwa mapazi ako kupita kumanzere, mpeni wake uli chagada. Ukatero udzu umagwa wokha. Ndinatchetcha zaka zisanu ndi ziwiri, kapena zisanu ndi zinayi. Kumeneko zaka zinkafanana nkhope.

Chaka china dziwe la pabwalopo linaphwa, ndipo anatituma kukachotsa matope. M'matopemo ndinapezamo ndodo ya mutu waukulu, yaitali kuposa zonse, imene osewera amaitcha nambala wani. Ndi imene munthu amayambira, mpira atauika pa kamtengo kosongoka, kuti upite kutali. Anzanga onyamula zikwama za osewera anaizindikira. Anati mwini wake anaiponya yekha m'madzimo atapsa mtima, chifukwa inkamutayira mipira kumanja.

"Isiye imeneyo," anandiuza. "Ili ndi maganizo ake."

Ndinaitsuka ndi mchenga, ndinaikulunga mphira wa chubu cha njinga pogwirira, n'kuigoneka pansi pa mphasa.

Lolemba linali tsiku la antchito. Eni bwalo akakhala kumaofesi, ife ankatilola kumenya. Poyambira panali mtengo wa mbawa. Ndinaima mumthunzi mwake, ndinakhazika mpira pa kamtengo, ndinakweza ndodo, n'kumenya. Kulira kwake ndimakumvabe m'mano. Mpira unanyamuka molunjika ngati nkhunda yodziwa kwawo. Utafika pakati pa ulendo unazengereza, ngati wakumbukira kanthu, kenaka unakhotera kumanja n'kukagwa m'tiyi. Amayi othyola tiyi anadzutsa mitu onse pamodzi.

"Bwezera m'chikwama imeneyo," anatero a Mulipa. "Tenga yachitsulo yaifupi ngati anzako. Nambala wani ndi ya anthu amene anachita kuphunzitsidwa."

"Ayi," ndinatero.

Linali liwu loyamba lokana limene ndinauza munthu wamkulu, ndipo linandikoma pakamwa. Chimene ndinkafuna sichinali chachikulu. Ndinkafuna kuima poyambira, kumenya ndi ndodo yaikuluyo, mpira n'kukagwa pakati pa mpita, ndipo mawa lake n'kuteronso. Basi. Lolemba lililonse ndinkabwera, Lolemba lililonse mpira unkakumbukira kanthu kake. Ndi pa Lolemba lina loterolo pamene Esnati, atabwera ndi mayi ake kudzaonerera, anandifunsa funso lija. Patapita nthawi mpira wina unakagwera m'dengu la mayi wothyola tiyi, dengulo lili kumsana. Wina unakaswa galasi la sikelo yoyezera masamba. A Mulipa anandiitana pansi pa mbawa.

"Sankha. Ndodo ibwerere m'dziwe, kapena iwe ubwerere kwanu."

Kwathu kunalibe bwalo la gofu, choncho sindinabwerere kwathu. Ndinatenga mkazi, mwana, mphasa ndi ndodo, n'kutsikira kuchigwa.

Kuchigwa kunali nzimbe, ndipo dzuwa la kumeneko silinkadziwa chisoni. Ndinakhala wodula nzimbe. Ondiphunzitsa anali a Fulaye, munthu wowonda ngati bango amene ankamaliza mzere wake ife tisanafike pakati. Tsiku loyamba anandiyang'ana ndikulimbana ndi phata limodzi, thukuta lili chuchuchu.

"Yakulakwira chiyani nzimbeyo, mphwanga? Wodula ndi mkwiyo amagwa dzuwa lisanafike pamutu. Nzimbe timadula ndi chiuno. Mkono umangoperekeza."

Mawu amenewo ndinawasunga, monga ndimasungira mawu onse, osadziwa tsiku limene adzagwire ntchito.

Kumenekonso kunali bwalo la gofu pakati pa minda, ndipo poyambira pake panali mtengo wa mbawa. Ndinganene kuti unali womwewo, ndi nthambi yomweyo yothyoka. Kumanja kunali nzimbe zazitali kuposa munthu, kumene palibe ankalowa kukafuna mpira chifukwa cha njoka. Ndinaganiza monga aliyense angaganizire: ngati mpira umathawira kumanja, ndiyambire kumanzere. Ndinatembenuza mapazi pang'ono, kutalika kwa chikhatho. Mpira unanyamukira kumanzere ndithu, unazengereza, n'kukhota kuposa kale. Nzimbe zinaumeza. Nyengo yotentha minda ikafika, moto ukadutsa, ndinkapeza mipira yanga m'phulusa, yakuda ndi yong'aluka ngati mbatata zootcha.

Kalaliki wina wa kufakitale, amene anali ndi nkhope ya a Mulipa ngakhale sanali m'bale wawo, anandiwona ndikumenya.

"Achimwene, bwezerani m'chikwama imeneyo. Mukudyetsa njoka mipira."

"Ayi," ndinatero.

Mayi ake a Esnati anapirira nyengo zitatu zodula nzimbe. Tsiku langa lopuma ndinkalithera kubwalo, madzulo anga ndinkawathera kuseri kwa nyumba ndikuzunguza ndodo popanda mpira. M'mawa wina ndinawapeza atamanga katundu m'chitenje.

"Ine ndinakwatiwa ndi munthu," anatero. "Ndodoyi ili kale ndi mwamuna wake. Tsalani nayo."

Sindiwaweruza. Ananena zimene anaona. Esnati anatembenuka kawiri ali pamseu, kachitatu sanatembenuke.

Kenaka ndinakhala m'tauni ya njanji. Masana ndinkasenza matumba pasiteshoni, madzulo ndinkapita kusukulu ya akuluakulu. Kumeneko ndinaphunzira kulemba kalata yosachititsa manyazi, ndiponso ndinaphunzira kuyeza ngodya. Tsiku limene aphunzitsi anajambula mizere iwiri pabolodi n'kutiwonetsa mpata wa pakati pake, ndinakumbukira mpira wanga. Ndinati vuto langa latha, linali la masamu. Ndinagula kope. Ndinayeza ndi mapazi kutalika kumene mpira unkapatukira, ndinapeza mapazi makumi atatu. Ndinalemba, ndinawerengera, ndinatembenukira kumanzere molingana ndi yankho. Mpira unapatuka mapazi makumi asanu. Ndinawerengeranso, ndinatembenukanso. Unapatuka makumi asanu ndi awiri. Kope linadzaza, ndinagula lina.

Bwalo la m'tauniyo linali louma, la fumbi, koma mbawa unalipo. Kumanja kunali njanji. Tsiku lina mpira wanga unakhota sitima ya katundu ikudutsa, n'kugwera m'bogi yosatseka pamwamba. Anthu anaomba m'manja. Mpaka lero umenewo ndi mpira wanga umene unapita kutali kuposa yonse, pakuti ndikukhulupirira kuti unakafika kunyanja yamchere.

Pofika nthawi imeneyo ndinali nditatembenuka kwambiri, moti ndikaima poyambira, anthu oima kumanzere kwanga ankamwazikana ngati nkhuku zaona kabawi. Mpita sindinkauonanso ndi maso onse awiri. Ndinkausuzumira paphewa, monga munthu amasuzumira nyumba imene anamuthamangitsamo. Mkulu wa bwalolo anandiitana pambali. Analinso ndi nkhope ija.

"Bambo, sitikukuthamangitsani. Mungosiya ndodo yaikuluyi kunyumba."

"Ayi," ndinatero, ndipo m'mawa mwake ndinakwera sitima.

Kumapiri a mitengo ya paini kunalibe bwalo la gofu. Ndinakhala wocheka matabwa. Sowo wake anali wa anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje pansi, utuchi ukumugwera m'maso. Wa m'dzenje ndinali ine. Wapamwamba anali a Kamtedza, nkhalamba yosalankhula m'mawa. Asanacheke ankanyika chingwe m'madzi a makala, n'kuchikoka kuchokera kumutu kwa chipika mpaka kumchira, n'kuchikhwefula kuti chisiye mzere wakuda. Matabwa anga oyamba anatuluka okhota ngati nthochi.

"Ukumugwira ngati wakuba sowoyo," anatero tsiku lina dzuwa litapendeka. "Ukamufinya amathawa mzere. Mugwire ngati dzanja la mwana powoloka mseu. Asakupulumuke, koma asalire."

Ndinasunganso mawu amenewo. Lamulungu ndinkapita mu mpata wotchingira moto, umene amalambula pakati pa nkhalango, n'kumenya mipira iwiri imene ndinatsala nayo. Panalibe woonerera, panalibe wondiuza za chikwama. Koma nthawi zina mphepo ikadutsa m'mapaini ndinkamva mawu aja, ndipo ndinkayankha mokweza kuti ayi, mpaka phiri n'kundibwezera.

Kumeneko n'kumene kalata inandipeza, itayenda mvula ziwiri kundifunafuna. Inadutsa kutiyi, kunzimbe, kunjanji, ndipo envulopu yake inali ndi zolemba za manja anayi. Esnati ankandiitana ku ukwati wake. Pamene ndinkaiwerenga, mwina n'kuti ali kale ndi mwana kumsana. Ndinakhala pa chipika mpaka utuchi unauma pankhope. Ndodo inali chotsamira pamtengo. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikanakhala munthu wina ndikanaiika pansi pa sowo. Koma ndinati, wandidyera zochuluka chotere, ndiye ndikusiye usanandipatse chimodzi chimene ndinapempha? Ayi.

Panali malo ena pambuyo pake, koma amasakanikirana m'mutu mwanga. Kwina ndinasoka matumba a fodya, kwina ndinapenta miyala ya m'mbali mwa mseu. Konseko mbawa unkandidikira, ndipo konseko kumanja kunali kanthu kamene sikayenera kumenyedwa: manda, khola, tchalitchi. Tsitsi linachita imvi. Bondo lakumanzere linayamba kulosera mvula.

Pomaliza ndinafika m'katauni kamene kali ndi bwalo la ndege losiyidwa. Ndege zinaleka kutera kalekale, ndipo amuna angapo opuma pantchito anakumbapo maenje asanu ndi limodzi, n'kuzunguliza dzenje lililonse ndi mchenga wothira oilo wakutha. Sanafunse kuti ndine yani. Anangoti aliyense amabwera ndi khasu Lachisanu, n'kusewera Loweruka. Wapampando wawo anali a Zintambila, amene anagwira ntchito ku positi moyo wawo wonse ndipo ankalankhula ngati akudinda kalata.

Ndinaumba njerwa, ndinaotcha, ndinamanga nyumba ya zipinda ziwiri m'mphepete mwa bwalolo. Inali nyumba yoyamba imene ndinamanga ndi manja anga, ndipo ndinadzala mtengo wa mandimu pakhomo, chinthu chimene woyenda sachita. Malo ndinawapeza cha kumanja kwa mpita woyamba. Anzanga ankati ndinachitira dala, kuti mipira yanga izindidikirira kunyumba.

Koma mipirayo siinkafika kwanga. Nyumba yoyamba kuchokera kubwalo inali ya a Nangondo, mayi wamasiye amene ankachapa zovala za anthu a m'tauni ndi kuweta nkhuku. Tinkasiyana mpanda wa udzu wofika m'chifuwa. Loweruka lililonse ndinkaima poyambira, n'kutembenuka mpaka nyumba yawo itakhala kumbuyo kwa khutu langa, kuti ndiithawe. Ndipo Loweruka lililonse mpira unkazungulira bwalo lonse la ndege n'kukagwa pa malata awo. Phwaa! Nkhuku zinkalira, kenaka mawu awo ankamveka mpaka poyambira.

"Aneba! Ndamva moni wanu!"

Mipira sankabweza. Ankaisunga m'beseni lakale, ina n'kuika m'zisa kuti misoti iphunzire poikira. Zaka zitatu zinapita choncho, ndipo ndinkaganiza kuti tinamvana. Ndiye Loweruka lina mpira sunagwe pa malata. Unakaswa mtsuko wa madzi akumwa umene unali pakhonde, a Nangondo atakhala pambali pake akusita. Phale lina linawacheka pa mwendo. Sanakuwe. Anavala nsapato, anadutsa bwalo lonse magazi akutsika pa msongolo, n'kuima patsogolo pa a Zintambila.

"Lero mtsuko," anatero. "Mutu wanga ndi waukulu ngati mtsuko womwewo. Kambiranani."

Anakambirana pansi pa mtengo wa poyambira. Sindikufunika kutchula dzina la mtengowo.

"Bambo," anatero a Zintambila, "nkhaniyi ndi yosavuta. Kuyambira lero, nambala wani ikhale m'chikwama. Muziyambira yachitsulo ngati ife tonse."

"Ayi."

"Ndiye simuseweranso pano."

"Ndipatseni mpira umodzi," ndinatero. "Loweruka likubwerali. A Nangondo akakhale kwa anzawo nthawi imeneyo. Ukagwa pakati, ndodo yanga muisiye. Ukagwa pakhomo pawo, simudzandionanso, pabwalo pano ngakhale m'tauni muno."

"Za m'tauni wanena ndani? Nyumba ndi yanu."

"Ndikudzidziwa. Sindingagone moyang'anana ndi bwalo limene andiletsa."

Anayang'anana, n'kuvomera. Ndikuganiza kuti ankafuna kungothana nazo mwaulemu. Sabata imeneyo ndinayang'ana mandimu anga, amene anali atangoyamba kumasula maluwa koyamba, ndinayang'ana njerwa zanga, ndinamva bondo langa. Ndinadziwa kuti ndikanyamukanso ulendo uno, sindidzamanganso nyumba ina.

Lachisanu masana ndinali kuseri kwa nyumba ndikuzunguza ndodo popanda mpira, monga ndachitira moyo wanga wonse. A Nangondo anali kutsidya kwa mpanda akutsukuluza nsalu za pabedi, mwendo womanga nsanza. Chiyambire za mtsuko tinali tisanalankhulane.

"Aneba," anatero, "udzutu unatha pamenepo. Mukutchetcha chiyani?"

Ndinaima.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Ndati mukutchetcha. Malemu amuna anga anali otchetcha m'mbali mwa mseu zaka makumi awiri. Ngakhale poingitsa ntchentche dzanja lawo linkayenda choncho, kuchokera kunja, kudutsa pamapazi. Inunso munagwirapo chikwakwa, musandinamize."

"Ndili mnyamata."

"Ndiye simunachitule. Mwangochisintha mutu."

Ndinayang'ana dzanja langa. Makope awiri a masamu, madera onse aja, anthu onse ondilangiza aja, palibe anayang'anapo dzanja langa. Onse ankayang'ana mpira, ndi ine ndemwe. Chikwakwa chimadula udzu chifukwa chimaukhudza chopingasa. Mpira ukaukhudza chopingasa umazungulira, ndipo wozungulira sayenda molunjika. Ndipo pamene ndinkatembenukira kumanzere, m'pamene ndinkachipatsa chikwakwacho malo ambiri opingasira.

"Za gofu wanu sindizidziwa," anatero a Nangondo. "Koma tabwerani kuno. Zungulirani, musalumphe mpanda wanga, si inu mpira."

Ndinazungulira. Anandipatsa beseni la madzi otsukuluzira, n'kuloza mtengo wa papaya umene unali patsogolo pathu, chakumanja pang'ono.

"Tathirani apo."

Ndinakhuthula ndi mphamvu. Madzi anadutsa kutsogolo kwanga n'kugwera pa mwendo wanga wakumanzere, buluku lonse n'kunyowa. Papaya sanalandire ngakhale dontho. A Nangondo anaseka mpaka anagwira chingwe choyanikira.

"Mayo ine! Munthu wa imvi sadziwa kutaya madzi! Nanga akazi anu ankapirira bwanji?"

"Sanapirire."

"Chabwino, pepani. Taonani kuno."

Anatunga ena. Beseni analibweza kumbuyo kwa chiuno, pafupi ndi thupi, osati kunja. Kenaka chiuno chinatembenuka, manja anatsatira, akuchokera mkati kupita kunja, kulunjika kwa papaya, ndipo pomaliza anagudubuzika moti beseni linathera chovundikira. Madzi anayenda mlengalenga ngati nsalu yoyala n'kukagwa pa tsinde penipeni.

"Madzi timawatumiza kutali ndi ife," anatero. "Inu mumawakokera kwanu ngati mukuwanong'oneza bondo. Kamatungeni ku mjigo nokha, anga ndi ochapira."

Ndinatunga ndowa zisanu ndi imodzi. Beseni lachinayi linafika theka la njira. Beseni lachisanu ndi chiwiri linanyowetsa nkhuku. Penapake pambuyo pa lakhumi, chiuno chinatsogola chokha monga ananenera a Fulaye, manja anagwira mopepuka monga ananenera a Kamtedza, ndipo papaya anamwa. Ndinatenga ndodo, ndinaizunguza m'njira ya beseniyo. Inalira mosiyana ndi kale, kulira kotsika, kosang'amba mphepo.

Ndiye ndinaona chimene chinkatanthauza.

"Mayi, kuti ndimenye chonchi, ndodo iyenera kupita kunja, kumanja. Ndiye kuti ndilunjike nyumba yanu."

"Lunjikani."

"Mukufuna ndikupheni?"

"Zaka zitatu mwakhala mukuithawa nyumbayi, ndipo simunaiphonyepo. Tayesani kuifuna, mwina muiphonya."

"Mawa mukakhale kwa anzanu, monga tinapangana."

"Munapangana ndi a Zintambila. Ine pakhomo panga sindichokapo chifukwa cha dzira la pulasitiki. Ndidzayanika chitenje chofiira pa chingwe, kumapeto kwenikweni. Ameneyo ndiye papaya wanu."

Loweruka kunacha kopanda mphepo. Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, pakuti mbiri inali itamveka kuti nkhalamba ya nambala wani ikutsanzika. Nditafika poyambira, onse oima kumanzere anasuntha mwachizolowezi. Ndinakhazika mpira pa kamtengo, mokweza pang'ono kuposa kale, moyang'anizana ndi chidendene chakumanzere. Kenaka ndinayamba kubweza mapazi. Ndinawabweza kuchoka m'tauni ya njanji, ndinawabweza kuchoka kunzimbe, mpaka anaima monga anaimira Lolemba loyamba lija kutiyi. Mpita unali patsogolo panga, wonse, m'maso onse awiri. Ndinamva ngati ndavula pagulu. Chakumanja, kutali, chitenje chofiira chinali lende pa chingwe, ndipo pakhonde panali munthu atakhala, akusita.

"Akuloza nyumba!" wina anakuwa. "Agwireni, apenga!"

"Bambo," anatero a Zintambila, mawu awo atatsika, "musadzichititse manyazi pa ukalamba. Bwezerani m'chikwama, tiiwale zonsezi. Palibe adzakusekani."

Ndinawayang'ana. Kwa nthawi yoyamba nkhopeyo sinali ya a Mulipa. Inali ya munthu wa ku positi amene akuopa kuona mnzake akugwa.

"Ayi, akulu," ndinatero. "Koma zikomo."

Ndinagwira ndodo ngati dzanja la mwana powoloka mseu. Ndinaibweza kumbuyo kwa chiuno, pafupi ndi thupi, osafulumira. Chiuno chinatembenuka, mkono unaperekeza, ndipo ndinataya madzi anga onse kwa chitenje chofiira.

Mpira unanyamuka kulunjika malata a a Nangondo. Anthu anakuwa. Wina anagwira kumutu. Utafika pakati pa ulendo unazengereza, ngati wakumbukira kanthu. Ndinaidziwa mphindi imeneyo kuposa mmene ndimadziwira dzina langa. Kenaka, pang'onopang'ono, unapendekera kumanzere, unatsika, unadumpha kawiri pa udzu wouma, n'kugubuduka mpaka kukaima pakati pa mpita, pamene ndege zinkaika matayala.

Sunapite kutali. Ndili mnyamata ndinkatayira mipira m'tiyi kutali kuposa pamenepo. Koma unali pakati.

"Ngozi imeneyo," wina anatero kumbuyo. "Ngakhale wakhungu amaponda ndalama."

Pangano linali la mpira umodzi, ndipo ndikanatha kunyamula ndodo yanga n'kumapita. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa wachiwiri, ndinaukhazika. Umenewo ndinaumenya moipa, unayenda chapansipansi ngati nkhwali yothawa. Koma unayenda molunjika, n'kukagona m'mbali mwa mpita, mkati. A Zintambila anavula chipewa, anachiyang'ana mkati ngati muli kalata, n'kuchivalanso.

"Wotsatira amenye," anatero.

Ndikuyenda kupita kumene kunali mipira yanga, ndinamuyankha Esnati, mochedwa ndi zaka zonsezo. Palibe ankanama, mwana wanga. Mapazi ankanena mantha anga, mpira unkanena dzanja langa. Ndinaganiza kuti ndidzamulembera zimenezo, ngakhale kalatayo itayenda mvula ziwiri.

Masana dzuwa litapendeka, a Nangondo anandiitana pampanda. Anali atanyamula beseni lakale lija, lodzaza mipira, ina yomatirira nthenga.

"Tengani ana anu. Atatu ndasunga, misoti inawazolowera."

"Munachita mantha?"

"Ndinapsereza kolala ya malaya a mwini wake. Mukandifunsanso ndidzakana." Anatsamira mpanda. "Koma ndikufunseni, aneba. Chikwakwa chija chafa?"

Ndinaganiza kaye, pakuti funso loona silifuna yankho lothamanga.

"Sichinafe. Chagona. Tsiku lina ndikadzatopa, kapena ndikadzachita mantha, chidzadzuka."

"Ndiye tsiku limenelo mudzamanga katundu, mudzasiya mandimu anu akudyedwa ndi mbuzi zanga."

"Mulibe mbuzi."

"Ndidzagula dala." Sanaseke. "Tamverani. Ine ndizidzayanika chitenje chofiira Loweruka lililonse, kaya kuli mvula, kaya ndilibe chochapa, mpaka tsiku limene adzandinyamule pakhomo pano. Mtsuko watsopano ndauika m'nyumba, ndipo nthawi yanu yomenya ndizisitira kuseri, si ine chitsiru. Koma inu, tsiku limene mpira udzagwenso pa malata anga, musadzapite kusiteshoni. Mudzabwere kuno, mudzatunge ndowa zisanu ndi imodzi, mudzathirire papaya mpaka dzanja likumbuke. Mwamva?"

Moyo wanga wonse ndinali ndi liwu limodzi lokonzeka pa lilime, ndipo linali litafika kale pamilomo. Ndinalimeza.

"Ndamva, mayi. Ndidzabwera ndi ndowa yanga."

"Yanu yodontha ija? Mudzabwereke yanga."

Anatambasula dzanja pamwamba pa mpanda, lonyowa ndi thovu la sopo, ndipo ndinaligwira.